Kalulu Sanena Akadwala

9 Febuluwale

Okondedwa amake Kanjiwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana. Ine kuno ndili gwa, ndipo ndikudya mosachita manyazi. Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera ngati mwana wasukulu. Chingwe chotchajira foni chadyedwa, chachiwiri mwezi uno, ndipo amene adya ndi a Manijala.

A Manijala ndi kalulu wa Madamu amene ndimawasamalira maluwa ndi kapinga. Ndikudziwa mwayamba kale kuseka, koma mvetserani. Kaluluyu si wandiwo. Amakhala m'nyumba, ali ndi mbale zake, bulangete lake ndi dokotala wake, ndipo akayetsemula nyumba yonse imasiya zimene ikuchita. Anali wa mwana wa Madamu, koma mwanayo wapita kusukulu yakutali, ndiye Madamu anandiitana n'kundiuza kuti kuyambira tsopano kaluluyo ali m'manja mwanga. Kunena zoona, ine ndi amene ndili m'manja mwake. Dzina lake lenileni limandipinda lilime. Ndinamutcha Manijala chifukwa amangokhala pakona kuyang'ana anthu akugwira ntchito, mphuno ikugwedera ngati wanunkhiza cholakwa, iye osagwira kanthu.

Za foni sindikudandaula kwenikweni. Inu mumalankhula nane, zikomo, koma Kanjiwa akangomva kuti ndine amathawira kuseri kwa nyumba, ine n'kumangomva mapazi. Mwanayu ndinamusiya akuphunzira kuyenda, lero akuphunzira kulemba, ndipo bambo ake amawadziwa ngati dzina lolembedwa pa katoni ya katundu. Sindinaiwale za ulendo watha uja, pamene anakunong'onezani pakhomo la khitchini kuti alendowa apita liti. Ndinaseka nanu, koma zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Ndiye ndaganiza nzeru. Mwana sangacheze ndi munthu amene alibe naye nkhani. Ndikamufunsa za kusukulu amati eee, za anzake amati eee. Koma atakhala ndi kalulu wakewake, pomwe katswiri wa akalulu ali kuno, tsiku lina adzafuna kufunsa kanthu. Sindikupempha zambiri. Ndikufuna kalata imodzi yolembedwa ndi dzanja lake, ngakhale ikhale ya mizere iwiri yokhota.

Pa ndalama zimene ndapatsira a Dalaivala, otinyamulira katundu ndi makalata aja, mugulepo kalulu mmodzi kwa mayi woweta uja wa kuseri kwa msika. Musankhe wamaso owala, wouma mphuno. Kalipentala akhome khola lalikulu loti kalulu azidumpha osagunda mutu, pansi pake matabwa osati waya, chifukwa waya amatupitsa mapazi. Liikidwe pamthunzi, dzuwa limapha kalulu msanga kuposa galu. Zotsala mugulire malata a bafa aja asanakwerenso mtengo.

Achimwene anu, alamu anga, muwauze lero lomwe kuti kaluluyu ndi wachibale. Ndimawadziwa mmene amayang'anira chinthu cha miyendo inayi.

Lero ndadya mpunga wa nyemba ndi mazira awiri pamwamba. A Telala, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, akuti ndikapitiriza chonchi andiwonjezera nsalu m'chiuno mwa thalauza.

Ndine wanu,
Bambo a Kanjiwa

2 Malichi

Amake Kanjiwa,

Moni kwa nonse. Kalata yanu a Dalaivala andipatsa ikununkha dizilo koma yathunthu, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti mlendo wafika. Dzina lakuti Sopo ndalivomereza. Kalulu woyera chotero sangakhale ndi dzina lina, ndipo zikuonetsa kuti mwanayu nzeru anatengera kuchimuna.

Koma zina zimene mwalemba zandiimitsa mutu. Mukuti alamu anamunyamula ndi makutu kuti amve kulemera kwake. Choyamba, akufuna kudziwa kulemera kwake kuti atani? Chachiwiri, makutu si zigwiriro za poto. Kalulu amanyamulidwa dzanja lina pachifuwa, lina kumatako, n'kumufungatira pathupi, chifukwa akaphiriphitha m'malere amatha kuthyoka msana. Ndipo asanyamulidwe popanda chifukwa. Iye mapazi akangochoka pansi amaganiza kuti watengedwa ndi chiwombankhanga.

Mukutinso mukumupatsa buledi wonyika mu tiyi. Buledi ayi. Buledi mudye ndinu, ndi wodula. Chakudya chake chachikulu ndi udzu wouma bwino, wopanda nkhungu, mulu waukulu ngati thupi lake tsiku lililonse. Mano ake amakula moyo wake wonse, ndiye akasowa udzu atafuna khola, akatha khola atafuna chingwe cha wailesi yanu. Masamba aawisi muziyamba pang'onopang'ono, mtundu umodzi kaye, muone ngati m'mimba mwalandira. Anyezi ayi, masamba a mapeyala ayi, udzu wa m'mbali mwa msewu ayi. Karoti kwa iye ndi switi, kachidutswa kokha. Madzi asasowe, ndipo akhale m'mbale yolemera, chifukwa yopepuka aigubuduza akukuyang'anani m'maso.

Tsopano ndime iyi mumuwerengere Kanjiwa mokweza, ngakhale ali kuseri kwa chitseko. Mukuti akulira chifukwa Sopo amamuthawa, ndipo iye amamuthamangitsa bwalo lonse kuti amukumbatire. Inenso ndinachita zomwezo. Sabata yoyamba ndinathamangitsana ndi a Manijala kuzungulira mipando ya Madamu, ine munthu wandevu, mpaka ndinagwetsa nyale. Dokotala wawo ndi amene anandiuza kuti kalulu sakakamizidwa ubwenzi. Umakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni, osamuyang'anitsitsa, osatambasula dzanja, ukuchita zako. Ndinakhala pansi masana angapo ndikusenda mbatata za Madamu mpaka matako anachita dzanzi. Tsiku lina ndinangomva kamphuno kakundigunda pachigongono. Anandinunkhiza, n'kutafuna chingwe cha nsapato yanga, n'kumapita. Kwa kalulu umenewo ndi moni waukulu.

Akakhala ndi funso alembe yekha. Ofesi ndi yotsegula.

Dzulo Madamu anandipatsa theka la nkhuku yotsala kwa alendo awo. Ine ndi a Telala tinaimaliza osalankhulana, ndipo mafupa ake galu wa pano anangonunkhiza n'kutiyang'ana moipidwa.

Wanu,
Bambo a Kanjiwa

29 Malichi

Okondedwa amake mwana,

Moni wanu ndalandira. Nanenso ndili bwino, kupatula kuti ine ndi makwerero tinasemphana maganizo pang'ono ndikudula mpanda wa maluwa. Iwo anafuna kupita kumanzere, ine kumanja. Si nkhani yoti mutayire tulo, mwendo ukungonyada.

Nkhani yaikulu ndi imene mwalemba, yakuti mwana anakhala pansi ndipo Sopo anabwera yekha. Mzere umenewo ndinauwerenga, ndinawawerengera a Telala, kenako a Manijala. Mukuti pambuyo pake anafunsa kuti, "Iwo aja anadziwa bwanji?" Ndakwezedwa udindo, amake mwana. Ndachoka pa alendo, ndafika pa iwo aja.

Mafunso ake awiri mwandilembera ndinu. Ndiyankha lero lokha, koma mumuuze kuti ofesi ino sikonda amkhalapakati.

Loyamba ndi la kusamba. Ayi. Kalulu sasambitsidwa, amadzinyambita yekha ngati mphaka. Madzi amamuopsa moti mtima ungaime, ndipo ubweya wake suuma msanga. Pathupi pakada, kansalu konyowa pang'ono basi. Madzi amene munatenthetsawo asambe alamu.

Lachiwiri ndi limene lakhumudwitsa amayi anu, kuti anamuona akudya zotuluka mwa iye mwini. Apongozi anga asamuthamangitse pakhomo, si malodza ndipo si njala. Kalulu amatulutsa mitundu iwiri, timibulu touma timene mumasesa tija, ndi tina tofewa timene amabwezera m'kamwa, chifukwa chakudya chake chimafuna kuphikidwa kawiri. A Manijala amachita zimenezi pa kapeti ya Madamu, pamaso pa alendo ovala mataye, ndipo palibe amene amatsokomola.

Ndikuchenjezeninso za chinthu chimene chinandiopsa. Tsiku lina ndinapeza a Manijala atagona chammbali, miyendo tambalale, maso otseka. Ndinavula chipewa. Ndinayamba kukonza mawu okauza Madamu ndi kuganiza za basi yobwerera kwathu. Nditagwada kuti ndiwafunditse, anadzuka n'kundiyang'ana ngati ndalowa mu ofesi osagogoda. Kalulu akagona chotero ndiye kuti mtima wake uli m'malo. Musaitane anthu.

Chomaliza ndi ichi. Kalulu sakhala yekha. Akakhala yekha nthawi yaitali amasiya kusewera, amangoti ndwii. Mumupezere mnzake, koma akhale wamkazi ngati iye, ndipo poyamba akhale m'makola awiri oyandikana kuti azolowerane fungo. Wamkazi, amake mwana. Ndalemba kawiri.

Kwa Madamu kwabwera anthu oyeza zipinda ndi kujambula nyumba. Mwina akufuna kupenta. Shuga wakwera, mafuta akwera, koma dzulo ndinakazinga nsomba zam'chitini ndi tomato, a Telala mpaka kunyambita supuni.

Wanu yemwe uja,
Iwo aja

30 Epulo

Amake Kanjiwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Mwezi uno envelopu yapepuka pang'ono, pali zina zikukonzedwa kuno ndipo ndidzafotokoza zikakhazikika. Malata a bafa otsalawo adikire, sitinayambe lero kusamba tikuona mitambo.

Ndamva kuti mnzake wa Sopo, Makala, wafika, wakuda bii, ndi kuti anakasankha ndi alamu. Mukuti alumbira kuti ndi wamkazi, anayang'ana okha mpaka kawiri. Chabwino. Ine ndili kutali, sindingatsutse maso a munthu.

Lero ndili ndi phunziro limodzi, lalikulu kuposa onse, ndipo Kanjiwa alimve bwino. Sabata yatha nyumba ya Madamu inadzaza makatoni, anthu akukoka mipando uku ndi uku. A Manijala anakalowa pakona kuseri kwa kabati. Sanalire, sanabuule. Ndinawapatsa udzu, anangouyang'ana. Ndinawapatsa karoti, chinthu chimene angagulitse nacho mayi awo, anatembenuza mutu. M'bokosi limene amadzithandizira munalibe ngakhale kambulu kamodzi. Ine ndinati mwina angonyanyala chifukwa cha phokoso, tione mawa. Madamu atamva anasiya katoni ili m'manja, anatiika m'galimoto tonse awiri, ulendo kwa dokotala.

Dokotala anati tikanagona nazo, m'mawa mwake bwenzi tikukumba. Anandifotokozera kuti kalulu ndi nyama imene chilichonse chimafuna kuidya, ndiye anaphunzira kubisa matenda. Akaonetsa kufooka ndiye kuti waitana adani. Choncho amadwala ali chete, nkhope ili bwinobwino, mpaka tsiku limene wagwa. Sungamufunse kuti uli bwanji. Umayang'ana zina. Kodi akudya? Akutuluka pakona n'kumayendayenda? Kapena wangodzipinda, akukukuta mano? Akasiya kudya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sudikira mawa. M'mimba mwa kalulu mukaima, zonse zimaima.

Tinawamwetsa mankhwala ndi chakudya chophwanyaphwanya kudzera m'kajekeseni kopanda singano, iwo akundilavulira pamalaya. Patapita masiku anaba tsamba m'dzanja langa. Misozi inatuluka pang'ono, ndikuvomera, koma Madamu ndinawauza kuti ndi fumbi la makatoni.

Kanjiwa aloweze zizindikirozi pamtima ngati ndakatulo ya kusukulu. Mufufuzenso lero kumene kuli dokotala wa ziweto wapafupi, musadzayambe kufunsa njira zinthu zitavuta. Paja zengerezu analinda kwawukwawu.

Kalata ya Kanjiwa sinafikebe. A Dalaivala akabwera ndimawayang'ana mpaka m'matumba, moti ayamba kundiona ngati wapolisi.

Pano ndikumwa tiyi, madzulo ndiona chophika.

Ndine,
Bambo a Kanjiwa

12 Juni

Amake mwana,

Moni. Pepani kuti mwezi watha a Dalaivala anabwerera chimanjamanja. Anakandifuna kwa Madamu, koma masiku ano azindipeza kuchipinda kuno. Njira ndawalozera.

Tsono alamu anayang'ana kawiri. Mundifunsireko kuti ankayang'ana chiyani, mano? Akazi awiri abereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo mukuti iwo akuuza anthu kuti ndi chozizwitsa. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa, a Manijala anachita kumenya phazi pansi kundiletsa phokoso. Koma sindingakalipe kwambiri, mnzakeyo ndinaitanitsa ndine. Walira mvula walira matope.

Chitani izi msanga. Makala achoke m'kholamo lero, chifukwa kalulu amatha kutenganso pakati tsiku lomwe wabereka, sadziwa tchuthi. Apite kwa dokotala wa ziweto akamufule, ndipo akabwerako akhalebe payekha milungu ingapo. Apo ayi, pofika kumapeto kwa chaka mudzagona panja inu, m'nyumba muli akalulu. Anawo musawasunthesunthe. Ubweya umene Sopo wadzizula pachifuwa ndi bulangete lawo, musasese. Muzingoona timimba tawo, tikakhala tozungulira ndiye kuti akuyamwa.

Mukaona Sopo sakukhala nawo musamutukwane kuti ndi mayi woipa. Amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku, mwachangu, anthu asakuona, kenako amakakhala patali kuti adani asadziwe pamene pali ana. Kukhala patali si kutaya ana. Mzere umenewu, ngati mungathe, mumuwerengere Kanjiwa kawiri.

A Manijala ali nane kuno kuchipinda. Madamu asamukira kutali kumene kalulu sakanatha kupita nawo, ndiye anandisiyira pamodzi ndi mbale, bulangete ndi matumba a udzu. Analira pondipatsa. Ndi munthu wabwino, musawaganizire zoipa. Za ntchito, pali malo angapo amene andiuza kuti ndidzapiteko mwendo ukasiya kunyada.

A Telala nawo apeza malo pafupi ndi shopu yawo yatsopano, ndiye chipinda chakula. Pamene panali bedi lawo a Manijala apasandutsa bwalo la mpira. Mwini nyumba sakudziwa kuti ndili ndi mlendo. Akagogoda ndimaponya thaulo pakhola n'kuyamba kuimba nyimbo mokweza, moti akuganiza kuti ndasanduka munthu wopemphera kwambiri.

Foni ili kwa okonza, musavutike kuimba. Zilembo zakhota chifukwa ndikulemba chogona, tebulo linapita ndi a Telala.

Wanu,
Bambo a Kanjiwa

21 Julayi

Amake Kanjiwa,

Ndili bwino. Ndikhulupirira nanunso.

Ndamva kuti ana akula, Kanjiwa wawatcha onse maina, ndipo alamu apempha kuti akawasungire awiri kwawo. Ayi. Amene akufuna kalulu ayambe wakhoma khola, Kanjiwa akaliyendere yekha, ndipo amufunse munthuyo kuti kalulu amanyamulidwa bwanji. Akangotchula makutu, abwerere. Anawo asachoke kwa mayi wawo asanakwane miyezi iwiri, ndipo akamakula amuna akhale paokha, akazi paokha. Woyang'ana asakhale alamu.

Kuno kwazizira. A Manijala apeza ntchito tsopano, amagona pamapazi panga. Udzu wawo ukadalipo, ndipo mayi wogulitsa masamba pakona amawasiyira zotsala pakhomo akamaweruka. Akunenepa. Tsiku lonse timangoyang'anizana, mamanijala awiri opanda antchito.

Ulendo uno sindinatumize kanthu. Mwezi wamawa.

Za kalata ya mwana, musamukakamize. Ndaganiza bwino, ndaona kuti ndakhala ndikumuthamangitsa kuzungulira mipando. Ali ndi akalulu ake, akusangalala, zakwana. Mungomuuza kuti iwo aja akupereka moni.

Ndine,
Bambo ake

9 Ogasiti

Kanjiwa mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. A Dalaivala sanandipatsire pakhomo monga amachitira. Analowa, anakhala pa ndowa, anavundukula mapoto anga onse, kenako anaitulutsa m'thumba la malaya. Ndinaona zilembo zazikulu zotsetserekera pansi ngati mbuzi zotsika phiri, ndipo ndinadziwa kuti si za amayi ako. Ndinaigwira nthawi yaitali ndisanaitsegule.

Ndinkayembekeza funso la akalulu. Ndinali wokonzeka, kaya za kuwenga zikhadabo, kaya za nthata za m'makutu, chilichonse. Koma iwe walemba kuti:

"Ababa, kale mumalemba zimene mwadya. Makalata awiri simunalembe. Simukutuluka. Mnzanu anachoka. Mukuti ndili bwino koma kalulu sanena. Munati tisamadikire mawa."

Pansi pake wajambula kalulu wandevu, mwendo umodzi waukulu kuposa inzake. Ndinawawerengera a Manijala, anandiyang'ana ngati akuti iwo anaona kale. Kenako ndinawerenganso mawu oyamba okha aja, akuti Ababa, ndipo ulendo uno panalibe fumbi la makatoni loti ndinamizire.

Ndiye ndikuyankha monga wodwala amayankhira dokotala. Kudya ndikudya pang'ono, masiku ena tiyi yekha. Ntchito inatha tsiku limene Madamu anasamuka. Mwendo sunapole chigwereni pamakwerero, bondo latupa, ndipo olemba anthu ntchito amayamba ayang'ana mwendo asanayang'ane nkhope. Foni siili kwa okonza, ndinagulitsa. Pakona ndakhalapo ndithu. Mano okha sindinayambe kukukuta, pamenepo ulembe kuti ayi.

Ndinkabisa chifukwa cha mantha. Iwe unkandidziwira pa makatoni a katundu, ndiye ndinkati makatoni akatha, nanenso ndatha.

Amayi ako awonjezera mawu kumbuyo kwa pepala lako. Akuti iwo anadziwa kalekale, ankangodikira kuti aone ngati ndili ndi pakamwa, ndipo ndibwere msanga chifukwa pakhomo pali akalulu asanu ndi atatu opanda wantchito. Amayi akowo sadziwa kunyengerera munthu, koma ndamva.

A Dalaivala akhala kuno masiku angapo akudikira katundu, ndipo sanandipatse mpata. Ananditengera kuchipatala osandifunsa maganizo. Bondo alichotsa madzi, alimanga, akuti lipola ndikalipumitsa, koma lisakwere galimoto ya ulendo wautali sabata ino. Anakatenganso a Telala, amene anandikalipira mpaka mtsempha wa pakhosi kuoneka, ndipo tsopano azibwera ndi poto tsiku lililonse. Ulendo wotsatira wa a Dalaivala ndikwera nawo, mpando wakutsogolo, mwendo uli pa katoni.

A Manijala sangabwere nane. Alibe mapepala odutsira pamalire, ndipo ulendo wautali ungawaphe. Mayi wolandira anthu kwa dokotala wawo ali ndi kalulu wamkazi amene mnzake anafa, ndipo poti a Manijala anafulidwa kale, wavomera kuwatenga. Ndinamufunsa za kanyamulidwe, anakhoza. Makola awiri ayandikana kale. Potsanzikana bwana wanga sanandiyang'ane n'komwe, mphuno yonse inali kukhola linalo. Zinandiwawa, koma ndinakondwa.

Tsopano tamvera. Ndikafika sindidzakuthamangitsa, ndipo sindidzatuma amayi ako kuti akukoke udzapereke moni. Ndidzakhala pakhonde, pansi penipeni, ndikusenda mbatata. Iwe uzidzachita zako. Ukafuna kubwera tsiku loyamba, bwera. Ukafuna patapita sabata, nthawi ndili nayo, ndipo mwendo uwu sungandilole kupita kulikonse. Alamu okha uwauze kuti makutu anga asawagwire.

Lero ndadya mpunga wa nyemba, mbale yodzaza, ndi dzira pamwamba. A Dalaivala anaimirira pambali panga mpaka mbale inayera. Ndinawauza kuti akhale pansi, anakana, akuti walamula ndiwe.

Ndine,
Ababa ako